Jubilee: Mmene Nyanga ya Nkhosa Inasandukira Dzina la Chikondwerero

Liwu la Chingerezi lakuti jubilee limamveka kawirikawiri pamene dziko, mpingo, sukulu kapena kampani yakwanitsa zaka zochuluka chiyambireni, makamaka zaka 25, 50 kapena 60, ndipo eni ake akonza mwambo waukulu wothokoza ndi kusangalala. Ambiri a ife timaliona litasindikizidwa pa nsalu ndi pa malaya a mwambowo, timalimva m'zolengeza za kutchalitchi wansembe kapena sisitere akakwanitsa zaka 25 za utumiki, ndipo timangolitenga ngati dzina la phwando loposa ena. Madikishonale a Chingerezi sakana tanthauzo limeneli, koma amaikaponso ena awiri akale kwambiri: chaka cha 50 chimene Aisiraeli analamulidwa kumasula akapolo ndi kubweza minda kwa eni ake, ndiponso chaka chapadera chimene Papa amalengeza mu Mpingo wa Katolika. Tikatsata mbiri yake timapeza kuti chisangalalo chinalowa m'liwuli mochedwa, ndipo chinalowa chifukwa chakuti mawu awiri osachokera kumodzi, lina la Chiheberi lina la Chilatini, ankamveka mofanana.

Gwero lake ndi liwu la Chiheberi lakuti yobel, limene akatswiri ambiri a chilankhulochi amati poyamba linkatanthauza nkhosa yamphongo, kenako n'kuyamba kutanthauza nyanga ya nkhosayo ikabooledwa n'kusanduka lipenga. Mu Eksodo 19 liwuli likutchulidwa ponena za lipenga limene linayenera kulira Aisiraeli ali m'tsinde mwa phiri la Sinai, ndipo mu Yoswa 6 likutchulidwa ponena za malipenga asanu ndi awiri amene ansembe ananyamula pozungulira mzinda wa Yeriko. M'nkhani zonse ziwirizi mulibe phwando, lipengalo ndi chizindikiro choti chinthu chachikulu chayamba. Chaka chimene tikukambachi chinatenga dzina kuchokera ku chida chochilengezera.

Lamulo lake lili mu Levitiko 25. Chaka chilichonse chachisanu ndi chiwiri minda inkayenera kugonera, osalima, osadzala, osadulira mpesa, ndipo chaka chimenechi chinali sabata la nthaka. Masabata oterewa akakwana asanu ndi awiri, kutanthauza zaka 49, lipenga linkayenera kulira m'dziko lonse pa tsiku la 10 la mwezi wachisanu ndi chiwiri, lomwe linali Tsiku la Chitetezero, ndipo chaka cha 50 chinkapatulidwa. Tsikuli ndi lofunika kuliganizira, chifukwa ndi tsiku losala kudya ndi kulapa, lolemekezeka koposa onse pa kalendala ya Ayuda, osati la madyerero. Zolamulidwa zinali zoti munthu aliyense abwerere ku malo a makolo ake, Mwisiraeli amene anadzigulitsa kwa mnzake chifukwa cha umphawi amasulidwe pamodzi ndi ana ake, ndipo nthaka ipumulenso.

Nkhani ya minda ndi imene yafotokozedwa mwatsatanetsatane, ndipo ndi imene ikuonetsa nzeru za lamuloli. Popeza munda uliwonse unkayenera kubwerera kwa mwini wake pa chaka cha lipenga, wogula sankagula nthaka yeniyeniyo ayi, ankagula zokolola za zaka zimene zatsala kuti chakacho chifike. Ngati kwatsala zaka 40, mtengo unkakwera, ndipo ngati kwatsala zitatu, unkatsika kwambiri. Wogulitsa akapeza ndalama chakacho chisanafike, kapena mbale wake akafuna kumuwombolera, ankawerengera zaka zimene wogula wadya kale, n'kumubwezera ndalama za zaka zotsalazo, munda n'kubwerera. Chifukwa chake chaperekedwa pa ndime 23: nthaka isagulitsidwe mpaka kalekale popeza ndi ya Mulungu, ndipo anthu okhalamo ndi alendo ake chabe. Cholinga chikuonekeratu. Chilala, matenda kapena kulephera kwa bambo mmodzi kukanatha kusaukitsa banja kwa zaka zambiri, koma sikunayenera kulanda zidzukulu cholowa chawo, ndipo olemera sankayenera kuunjika minda ya fuko lonse mibadwo ndi mibadwo.

Komabe lamuloli linali ndi malire amene olilalikira masiku ano sakonda kuwatchula. Nyumba ya mumzinda wozingidwa ndi linga ikagulitsidwa, mwini wake ankapatsidwa chaka chimodzi chokha choti aiwombole, ndipo chakacho chikatha nyumbayo inkapitiratu, kupatula nyumba za Alevi. Akapolo ogulidwa kwa mitundu ina sankamasulidwa, ndipo ndime 44 mpaka 46 zikunena poyera kuti ankatha kusiyidwa kwa ana ngati chuma chamasiye. Palinso chinthu china chimene ambiri amachisokoneza. Levitiko 25 ikuletsa kulandira chiwongoladzanja kwa mbale wosauka, koma lamulo lofafaniza ngongole lili mu Deuteronomo 15, ndipo likunena za chaka chachisanu ndi chiwiri. M'kupita kwa nthawi owerenga anaphatikiza malamulo awiriwa, n'chifukwa chake lero jubilee imamveka ngati chaka chokhululuka ngongole.

Mabuku a mbiri a m'Baibulo safotokoza za mfumu iliyonse imene inachititsa chaka cha lipenga, ndipo akatswiri akhala akutsutsana ngati chinachitikapo kapena chinangokhala muyezo wolembedwa. Nkhani yoyandikirako ili mu Yeremiya 34, pamene Mfumu Zedekiya inalamula kuti akapolo achiheberi amasulidwe Yerusalemu atazingidwa ndi Ababulo, koma posakhalitsa eni akapolowo anasintha maganizo n'kuwagwiranso. Aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda a m'nthawi ya pambuyo pake anaphunzitsa kuti lamuloli limagwira ntchito pokhapokha mafuko onse ali m'dziko lawo, motero linaima pamene mafuko a kutsidya la Yorodano anatengedwa ukapolo ndi Asuri. Ganizo lomasula anthu ku ngongole silinali lachilendo m'chigawocho, chifukwa mafumu a ku Babulo monga Hammurabi ndi Ammisaduqa ankalengeza zofafaniza ngongole zina, kawirikawiri akangolowa ufumu. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko zinkadalira mtima wa mfumu, pomwe Levitiko inazimangirira pa kalendala, kuti wosauka adziwiretu chaka chimene adzatuluke. Buku lina lachiyuda lakale, lomwe pa Chingerezi amalitcha Jubilees, limawerenga mbiri ya dziko m'magawo a zaka 49, ndipo linasungika lathunthu m'chilankhulo cha Ge'ez chokha, chifukwa Mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia umaliwerengera m'Baibulo lake.

Ngakhale chakachi sichioneka m'mbiri ya mafumu, aneneri sanachiiwale. Yesaya 61 ikunena za kulengeza ufulu kwa omangidwa ndi chaka cha chisomo cha Mulungu, ndipo malinga ndi Luka 4 ndime zimenezi ndi zomwe Yesu anawerenga m'sunagoge ku Nazareti poyamba ntchito yake. Ndi kudzera m'ndime ziwirizi mmene ganizo la jubilee linakhalira lamoyo pakati pa Akhristu.

Kusintha kwa tanthauzo kunachitikira m'manja mwa omasulira. Ayuda a ku Alexandria atamasulira mabuku a Mose m'Chigiriki, m'zaka za m'ma 200 Khristu asanabadwe, anasiya nyanga ija n'kusankha liwu lakuti aphesis, lotanthauza kumasula kapena kusiya chinthu kuti chipite, lomwenso Chipangano Chatsopano chimatchula ponena za kukhululukidwa kwa machimo. Jerome, amene anamasulira Chipangano Chakale m'Chilatini kuchokera ku Chiheberi ali ku Betelehemu cha m'ma 400, sanalimasulire liwulo, anangolisintha mathero kuti likhale ngati la Chilatini n'kulemba iobeleus. Tsono m'Chilatini munali kale mneni wakuti iubilare, wosakhudzana n'komwe ndi Chiheberi. Varro, katswiri wa chilankhulo wa ku Roma amene anakhalako Khristu asanabadwe, analemba kuti limeneli linali liwu la anthu akumudzi lonena za kufuula. Akhristu anali atalitenga kale kuti litanthauze kufuula mokondwera pamaso pa Mulungu, ndipo Salimo 100 m'Chilatini limayamba ndi mawu akuti Jubilate Deo. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anafotokoza kufuula kumeneku ponena za anthu okolola amene amayamba nyimbo ndi mawu, koma chimwemwe chikasefukira amasiya mawuwo n'kungotulutsa liwu lokha. Amene anamvapo amayi akuimba nthungululu pa ukwati akudziwa chimene bishopuyu ankanena.

Mawu awiriwa atakhala m'mabuku amodzi ndi m'kamwa mwa ansembe omwewo kwa zaka mazanamazana, o wa iobeleus anasanduka u, liwu n'kukhala iubilaeus, ndipo anthu anayamba kumva ngati chakacho chinatchedwa choncho chifukwa cha kukondwera. Kusokonezaku sikunavute kukukhulupirira, popeza kapolo womasulidwa amafuuladi. Kuchoka m'Chilatini liwuli linalowa m'Chifalansa ngati jubilé, kenako m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, ndipo likupezeka m'Baibulo la otsatira John Wycliffe la m'chaka cha 1382. Baibulo la King James la 1611 linalilemba kuti jubile, ndi e mmodzi. Si omasulira onse amene anatsata njira ya Jerome. Martin Luther m'Chijeremani analemba Halljahr, kutanthauza chaka cha kulira kwa lipenga, ndipo omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, analemba kuti chaka choliza lipenga. Zikutanthauza kuti wowerenga Chichewa ali pafupi ndi Chiheberi kusiyana ndi wowerenga Chingerezi, ngakhale ambiri sadziwa kuti chaka choliza lipenga cha m'Baibulo lawo ndi jubilee yomwe ija yolembedwa pa nsalu.

M'Chingerezi cha lero muli mawu ena ooneka ngati abale a jubilee, koma iwo anachokera kwa iubilare yekha, alibe mbali ya Chiheberi. Jubilation ndi dzina lotanthauza chisangalalo chachikulu choonekera, chokhala ndi phokoso, makamaka chobwera chifukwa cha kupambana, ndipo jubilant ndi mfotokozi wa munthu kapena khamu limene lili m'chisangalalo chotero. Atolankhani a ku Britain amalemba za ochemerera mpira amene ali jubilant timu yawo ikatenga chikho, kapena za jubilation m'misewu zotsatira za chisankho zikatuluka, ndipo palibe amene amawerenga zaka pa zimenezi. Mneni wakuti jubilate ulipo koma sumveka kawirikawiri kunja kwa tchalitchi. Jubilee ndi yosiyana nawo chifukwa imanena za nthawi yoikika, chaka kapena mwambo, osati mmene mtima ukumvera. Kale olemba ankathanso kuitchula ponena za chikondwerero chilichonse, koma katchulidwe kameneka kanatsalira m'ndakatulo ndi m'nyimbo zauzimu. Sikuti tsiku lililonse lokumbukira chiyambi cha chinthu ndi jubilee. Kampani imene yakwanitsa zaka zitatu kapena khumi ili ndi anniversary, yokwanitsa zaka 100 ili ndi centenary, ndipo banja limene lakhala muukwati zaka 50 Angerezi amakonda kunena kuti lili ndi golden wedding anniversary, n'kusungira jubilee mafumu, mayiko, mabungwe ndi atumiki a mpingo. Wansembe kapena sisitere amene akuchitiridwa mwambowo amatchedwa jubilarian.

Mpingo wa Katolika ndi umene unasandutsa liwuli kukhala mwambo wobwerabwera. Ku England kunachitika chitsanzo choyambirira mu 1220, pamene mafupa a Thomas Becket, akibishopu amene anaphedwa mu 1170, anasamutsidwira m'manda atsopano ku Canterbury m'chaka cha 50 chiphedwereni, ndipo Akibishopu Stephen Langton analumikiza mwambowo ndi chaka cha mu Levitiko. Chaka Choyera choyamba cha ku Roma chinalengezedwa ndi Papa Boniface VIII mu Febuluwale 1300. Iye analonjeza kuti olapa amene adzayendere matchalitchi a Petro ndi Paulo Oyera, kwa masiku 30 ngati ndi okhala mu Roma momwemo kapena masiku 15 ngati ndi ochokera kutali, adzachotseredwa chilango chonse cha machimo awo okhululukidwa. Apa ngongole inali itasanduka yauzimu, ndipo minda sinkatchulidwanso. Boniface anafuna kuti zizichitika zaka 100 zilizonse, koma Clement VI anatsitsa kufika pa 50 potengera lamulo la Mose, n'kuika chaka chotsatira mu 1350. Urban VI anayesa zaka 33, zaka za moyo wa Khristu pansi pano, kenako mu 1470 Paul II anakhazikitsa zaka 25, kuti mbadwo uliwonse uzipeza mwayi, ndipo ndi mmene zilili mpaka lero. Mwambo wotsegula Khomo Loyera la tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma, lomwe limakhala lotsekedwa ndi khoma zaka zina zonse, unakhazikika m'chaka cha 1500 pansi pa Alexander VI. Papa amathanso kulengeza chaka chapadera kunja kwa kalendala imeneyi, monga anachitira Papa Francis ndi Chaka cha Chifundo, pamene anayamba watsegula khomo la tchalitchi chachikulu cha ku Bangui, m'dziko la Central African Republic, pa 29 Novembala 2015, asanatsegule la ku Roma.

Mafumu a ku Britain ndi amene anafalitsa tanthauzo limene tikulidziwa kwambiri. George III anachitiridwa jubilee pa 25 Okutobala 1809, polowa chaka cha 50 cha ufumu wake, ndipo n'zochititsa chidwi kuti fungo la Levitiko linali lisanatheretu, chifukwa asilikali othawa usilikali anakhululukidwa ndipo ena mwa omangidwa chifukwa cha ngongole anatulutsidwa m'ndende. Pofika nthawi ya Mfumukazi Victoria zinthu zinali zitasintha. Golden Jubilee yake ya 1887 inasonkhanitsa mafumu a ku Ulaya, ndipo Diamond Jubilee ya 1897, potsatira ganizo la Joseph Chamberlain amene anali nduna yoona za mayiko olamulidwa ndi Britain, inakhala chionetsero cha mphamvu za ufumuwo, asilikali ochokera m'mayiko ambiri ogonjetsedwa akuguba m'misewu ya London pa 22 Juni. Liwu lonena za kubweza minda kwa eni ake linakhala dzina la phwando la ufumu umene pa nthawi yomweyo unali kutenga minda ya ena, kuphatikizapo m'dziko limene pambuyo pake linatchedwa Nyasaland. George V anachita Silver Jubilee mu 1935, ndipo Elizabeth II anachita Silver mu 1977, Golden mu 2002, Diamond mu 2012 ndi Platinum mu Juni 2022, atakwanitsa zaka 70 pampando, patatsala miyezi itatu kuti amwalire.

Maina a siliva, golide ndi dayamondi anatengedwa ku chizolowezi chakale cha ku Ulaya chotchula zaka za ukwati ndi zinthu zamtengo wapatali. Siliva ndi zaka 25, golide ndi zaka 50, pulatinamu ndi zaka 70. Dayamondi ankatchulidwanso pa zaka 75, koma chikondwerero cha Victoria chinachititsa kuti ambiri azimutchula pa zaka 60. Kunena kuti golden jubilee n'kubwereza, tikatengera chiyambi cha liwuli, chifukwa jubilee payokha inali kale zaka 50, koma kubwerezako kunafunika pamene zaka zina zinayamba kulowerera.

Pamene mafumu ankakongoletsa liwuli, akapolo a ku America ankalimva mwa njira yakale ija. Iwo ankamva Levitiko 25 ikuwerengedwa, ndipo m'nyimbo ndi m'mapemphero awo tsiku la jubilee linali tsiku limene ukapolo udzathe. Belu lotchuka la ku Philadelphia, limene linasulidwa koyamba mu 1752, lili ndi mawu a pa Levitiko 25:10 onena za kulengeza ufulu m'dziko lonse, ndipo olimbana ndi ukapolo ndi amene anafalitsa dzina lake lakuti Liberty Bell. Chilengezo cha Pulezidenti Abraham Lincoln chomasula akapolo a m'zigawo zimene zinapandukira boma la America chitayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1863, anthu akuda ambiri anati jubilee yafika. Ku Texas uthengawu unalengezedwa ku Galveston pa 19 Juni 1865, ndipo tsikuli, lomwe lero limatchedwa Juneteenth ndipo linakhala tchuthi cha dziko lonse mu 2021, poyamba ankalitchanso Jubilee Day. Mu 1871 ophunzira a pa Fisk University ku Nashville, ambiri mwa iwo obadwira mu ukapolo, ananyamuka kukaimba m'mizinda kuti apezere ndalama sukulu yawo imene inali pafupi kutsekedwa, ndipo anatenga dzina lakuti Jubilee Singers. Mu 1873 anaimbira Mfumukazi Victoria, ndipo ndalama za maulendo awo zinamanga nyumba yotchedwa Jubilee Hall imene ilipobe. Gulu lina lotengera iwowa, la Orpheus McAdoo, linafika ku South Africa mu 1890 n'kukhalako zaka zingapo, ndipo kaimbidwe kake kanakhudza makwaya a anthu akuda a kumeneko. Kwa anthu amenewa nyanga ya Chiheberi ndi mfuu ya Chilatini zinali chinthu chimodzi, chifukwa chimene ankakondwerera chinali kumasulidwa kwenikweni.

Mu Africa liwuli linabwera ndi amishonale ndi atsamunda, ndipo maboma odzilamulira analilandira osalisintha. Malawi anachita Silver Jubilee ya ufulu wake mu 1989 ndi Golden Jubilee pa 6 Julayi 2014. Zambia anachita yake pa 24 Okutobala 2014, Pulezidenti Michael Sata ali kuchipatala ku London, kumene anamwalira patangopita masiku anayi. Ku Ghana mafuta a pansi pa nyanja amene anapezeka mu 2007, chaka chimene dzikolo linakwanitsa zaka 50, anatchedwa Jubilee Field, ndipo nyumba ya pulezidenti ku Accra imatchedwa Jubilee House. Ku Kenya, Uhuru Kenyatta ndi William Ruto anapambana chisankho cha 2013, chaka cha 50 cha ufulu wa dzikolo, pansi pa mgwirizano wotchedwa Jubilee. Liwuli linadutsanso malire a Chikhristu. Asilamu a gulu la Ismaili anayeza mtsogoleri wawo Aga Khan III pa sikelo ndi golide ku Bombay mu 1936 ndi ku Nairobi mu 1937, kenako ndi dayamondi ku Bombay ndi ku Dar es Salaam mu 1946, chumacho n'kupita ku ntchito zothandiza gululo, ndipo kampani ya Jubilee Insurance, imene inayamba ku Mombasa mu 1937, inatenga dzina pamenepo.

Palinso malo ena amene liwuli linafikako mosayembekezeka. Njanji ina ya pansi pa nthaka ku London, imene inatsegulidwa mu 1979, imatchedwa Jubilee line pokumbukira chikondwerero cha 1977. Kachitsulo kozungulira kokhala ndi sikuluu, komangira paipi ya labala pa injini, amakaniko ambiri amakatcha jubilee clip, dzina limene linayamba ngati la malonda la kampani ina ya ku Gillingham. Ndipo ku Mobile Bay, m'chigawo cha Alabama, anthu amati kwagwa jubilee pamene nsomba ndi nkhanu zathawa madzi opanda mpweya wokwanira n'kudzaza m'mphepete mwa gombe, aliyense n'kumangotola.

Kubwerera kwakukulu kwa tanthauzo lakale kunachitika m'zaka za m'ma 1990, ndipo kumeneku kukutikhudza mwachindunji. Martin Dent, mphunzitsi wa ndale pa Keele University, ndi Bill Peters, amene anakhalapo kazembe wa Britain ku Malawi kuchokera mu 1980 mpaka 1983, anayambitsa ganizo loti chaka cha 2000 chikhale chaka chofafaniza ngongole zimene mayiko osauka sakanatha kubweza. Gulu la Jubilee 2000, limene Ann Pettifor analitsogolera ku Britain, linakopa mipingo, mabungwe a anthu apantchito ndi oimba otchuka. Pa 16 Meyi 1998 anthu pafupifupi 70,000 anagwirana manja kuzungulira pakati pa mzinda wa Birmingham pamene atsogoleri a G8, gulu la mayiko asanu ndi atatu amphamvu pa zachuma, ankakumana, ndipo chikalata chawo chodandaula chinasainidwa ndi anthu oposa 20 miliyoni padziko lonse. Dzinalo linathandiza kwambiri, chifukwa linachotsa nkhani ya ngongole m'manja mwa akatswiri a zachuma okha n'kuifikitsa pa guwa, pamene mkhristu wamba ankatha kuimva. Ku Zambia ntchitoyi inayendetsedwa ndi Jubilee Zambia pansi pa Jesuit Centre for Theological Reflection.

Zotsatira zake zinali zenizeni, ngakhale sizinafike pa muyezo wa Levitiko. Ndondomeko ya HIPC, yochepetsera ngongole mayiko osauka olemedwa ndi ngongole, imene IMF ndi World Bank anayambitsa mu 1996, inakulitsidwa pa msonkhano wa ku Cologne mu 1999, ndipo mu 2005 ku Gleneagles mayiko olemera anavomera kufafaniza ngongole za kumabanki akuluakuluwa kwa mayiko amene amaliza ndondomekoyo. Mozambique inamaliza mu 2001, Zambia mu Epulo 2005, ndipo Malawi mu 2006, Bingu wa Mutharika ali pulezidenti ndipo Goodall Gondwe ali nduna ya zachuma, gawo lalikulu la ngongole zakunja n'kufafanizidwa. Koma lipenga la mu Levitiko silinkafunsa wosauka kuti ayambe waonetsa khalidwe labwino, pomwe HIPC inafuna kuti dziko liyambe latsata mfundo za obwereketsa kwa zaka zingapo, kuphatikizapo kugulitsa makampani a boma. Chinanso n'chakuti zinachitika kamodzi, osati mobwerezabwereza monga lamulo lija linafunira, ndipo ngongole zinayambanso kuunjikana, tsopano zambiri zochokera kwa obwereketsa amalonda ndi ku mayiko monga China. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira ngongole yake ya kumsika wa ndalama wa kunja.

Bungwe la ku Britain limene linapitiriza ntchito ya Jubilee 2000 linasiya liwuli mu 2022 n'kutenga dzina lakuti Debt Justice. Mpingo wa Katolika sunalisiye. M'kalata yolengeza Chaka Choyera cha 2025, chimene chinatsegulidwa pa 24 Disembala 2024, Papa Francis anapempha mayiko olemera kuti akhululukire ngongole mayiko amene sangathe kubweza, ndipo ananena kuti imeneyi ndi nkhani ya chilungamo osati ya kuolowa manja chabe, potchula Levitiko 25:23. Iye anamwalira mu Epulo 2025 chakacho chili mkati, ndipo anachipitiriza ndi Papa Leo XIV.